Mukamva zoti asilikali aku Europe afooka, fufuzani chonchi musanayambe kukangana

Nkhani yoti asilikali aku Europe afooka ikubwera pafupipafupi masiku ano, ndipo imabwera pawiri. Lero mumva kuti Germany ilibe zipolopolo zokwana olo sabata imodzi, mawa mumva kuti maiko a NATO, mgwirizano wa chitetezo wa America, Canada ndi maiko ambiri aku Europe, akweza bajeti ya nkhondo kuposa kale lonse ndiye Russia ikunjenjemera. Zonse ziwiri zitha kukhala zoona nthawi imodzi, ndipo ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, amangotola mutu wa nkhani womwe ukugwirizana ndi mbali yomwe amaikonda kale nkuyamba kukuwa nawo. Ndiye ndati ndilembeko momwe munthu wamba, woti sanagwireko mfuti, angayezere yekha ngati gulu lankhondo la dziko lakutilakuti lili lokonzekadi kapena ndi la papepala chabe. Si zovuta kwenikweni, bola kudziwa mafunso ake.

Funso loyamba ambiri amalilumpha: afooka pa nkhondo yake iti? Asilikali sakonzeka mwachisawawa, amakonzekera mdani winawake, pamalo penapake, kwa nthawi yakutiyakuti. Soviet Union itagwa mu 1991 maiko aku Europe anaona ngati nkhondo yaikulu yapamtunda, ija ya akasinja zikwizikwi, yapita basi sidzabweranso, ndiye anadula asilikali mwadala ndalama nkuzipititsa ku zipatala, penshoni ndi misewu. West Germany payokha inali ndi asilikali pafupifupi 500,000 m'zaka za m'ma 1980, pano Germany yonse ili ndi cha m'ma 180,000. Netherlands inachotsa akasinja ake onse mu 2011, Belgium nayo inatsatira posakhalitsa. Sikuti anali opusa ayi, ntchito yomwe ankawatuma nthawi imeneyo inali ya ku Bosnia, Kosovo, Afghanistan ndi Mali, komwe kumafunika timagulu ting'onoting'ono toyenda msanga, ma helikopita ndi galimoto zopirira mabomba okwirira, osati mizinga yolira usana ndi usiku zaka zitatu zathunthu. Ndiye wina akakuuzani kuti France ili ndi asilikali odziwa ntchito sakunama, winanso akati France yomweyo ingavutike kupirira nkhondo yaitali ngati ya ku Ukraine nayenso sakunama. Akuyankha mafunso awiri osiyana. Musanamutsutse munthu mufunseni kaye kuti akunena nkhondo iti.

Nambala ya bajeti musaimeze yonse

Kenako mukumana ndi nambala yotchuka ija, 2 peresenti. Mu 2014 ku Wales, Russia itangolanda Crimea, maiko a NATO anagwirizana kuti aliyense aziyesetsa kuika ku chitetezo 2 peresenti ya chuma chonse chomwe dziko limapanga pachaka, ndipo chaka chimenecho okwanitsa anali atatu okha, America, Britain ndi Greece. Mu June 2025 ku The Hague anakweza mpaka 5 peresenti pofika 2035, koma yang'anitsitsani, 3.5 yokha ndiye ya usilikali weniweni, 1.5 inayo ndi ya zinthu ngati misewu, madoko ndi chitetezo cha pa intaneti, ndipo Spain inanena poyera kuti iyo sifika kumeneko. Andale amaikonda nambalayi chifukwa ndiyosavuta kuiika pa tebulo nkuloza chala amene ali kumunsi, koma pa nkhani ya kukonzeka imanena zochepa kwambiri.

Mukaiona, tsegulani mkati mwake. NATO imatulutsa chaka ndi chaka lipoti la ndalama za dziko lililonse ndipo imagawa: zapita ku anthu zingati, ku zida zatsopano zingati, ku zomangamanga zingati, ku mafuta, masipeya ndi maphunziro zingati. Malipiro amawerengedwa, penshoni za asilikali opuma zimawerengedwanso, ndiye dziko litha kuoneka ngati likutaya ndalama zambiri chonsecho gawo lalikulu likupita kwa madala omwe anavula yunifomu kalekale. Italy, Portugal ndi Belgium akhala zaka zambiri ndalama yoposa theka ikuthera pa anthu basi. Greece yakhala cha pamwamba pa tebulo zaka zambiri koma maso ake ali pa Turkey, yomwenso ndi membala wa NATO yemweyo, si Russia ayi. Komanso pajatu ndi peresenti, chuma cha dziko chikatsika nambala imakwera yokha popanda kugula olo mfuti imodzi.

Chinanso, siyanitsani ndalama yolonjezedwa, ndalama yosainidwa pa kontrakiti, ndi katundu wofika m'manja mwa msilikali. Pa 27 February 2022, patangopita masiku atatu Russia italowa mu Ukraine, Olaf Scholz, mtsogoleri wa Germany nthawi imeneyo, anaima mu nyumba ya malamulo ku Berlin nkulengeza thumba lapadera la 100 biliyoni euro. Ndalama yaikulu ndithu. Koma ndege za F-35 zokwana 35 zomwe anavomereza kugula mu December chaka chomwecho sizinali zoti nkufika 2026 isanakwane, ndipo ndi momwe zimakhalira ndi zida zikuluzikulu zonse, pakati pa kulengeza ndi kuwombera pamadutsa zaka. Ndiye mutu wa nkhani ukati dziko lakuti "lagula" akasinja 100, werengani pansi muone deti yofika. Poland ndi chitsanzo chosiyana ndipo nchifukwa chake anthu amaitchula kwambiri, idadutsa 4 peresenti, ndipo m'malo modikira mafakitale aku Europe inapita ku South Korea kukatenga akasinja a K2 ndi mizinga ya K9 chifukwa oyamba anafika patangopita miyezi yochepa chisainireni.

Ndipo musagwe mu msampha woyerekeza ma dollar ndi ma dollar. Wina amabwera ndi tebulo kuti onani, Europe yonse ikuwononga ndalama kuchulukitsa kangapo kuposa Russia, ndiye mantha achani. Koma msilikali waku Russia, wogwira ntchito mu fakitale yaku Russia, chitsulo ndi magetsi aku Russia ndi zotchipa, ruble imagula zambiri kwawo kuposa momwe imaonekera ukaisintha. Bungwe la IISS la ku London litawerengera potengera zomwe ndalama imaguladi linapeza kuti mu 2024 Russia inali pafupifupi mulingo umodzi ndi Europe yonse pamodzi. Onjezerani apo kuti Russia ikugulira gulu limodzi pomwe Europe ikugulira magulu oposa 30, lililonse ndi likulu lake, ma general ake, sukulu zake ndi mtundu wakewake wa zida. European Commission inawerengapo mitundu 17 ya akasinja ku Europe pomwe America ili ndi mtundu umodzi wokha, Abrams. Mitundu 17 ndiye kuti masipeya 17, amakaniko 17, zonse padera.

Zomwe ali nazo ndi zomwe zikuyenda

Apa ndiye pali nkhani yeniyeni. Matebulo ambiri omwe amazungulira aja, oti dziko ili ndege zakuti ili akasinja akuti, amawerenga chilichonse chomwe chili m'kaundula, ngati munthu yemwe galimoto yake yakhala pa njerwa zaka ziwiri ilibe matayala koma akafunsidwa amati inde galimoto ndili nayo. Funso lanu likhale lakuti pa zomwe zalembedwazo, zingati zomwe zingalire mawa m'mawa nkupita.

Zitsanzo zilipo zambiri ndipo zina ndi zochititsa manyazi. Chakumapeto kwa 2017 sitima zonse 6 za Germany zoyenda pansi pa madzi zinali zosagwira ntchito nthawi imodzi, zina zikudikira masipeya. Mu December 2022 galimoto zankhondo za Puma zokwana 18 zinapita ku maphunziro ndipo zonse 18 zinapezeka ndi vuto, chonsecho gulu limenelo linali loti patangopita masabata ochepa likhale m'gulu la NATO lothamangira koyamba kukavuta. Britain ili ndi sitima ziwiri zikuluzikulu zonyamula ndege, HMS Prince of Wales inawonongeka mu August 2022 itangotuluka kumene pa doko la Portsmouth, kenako mu February 2024 inzake HMS Queen Elizabeth inalephera kunyamuka kupita ku maphunziro akuluakulu a NATO chifukwa cha vuto la ku shafuti komweko, mpaka Prince of Wales uja kuthamangitsidwa kukalowa m'malo. Ku Red Sea mu 2024, komwe kunali kuwomberana kwenikweni ndi gulu la ma Houthi aku Yemen, sitima ya Denmark yotchedwa Iver Huitfeldt inavutika ndi makina ake a mizinga ili pakati polimbana ndi ma drone, ndipo nkhaniyo itaululika mkulu wa asilikali onse a Denmark anachotsedwa ntchito.

Koma pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo pa nkhani zoterezi. Choyamba onani deti. Ija ya asilikali aku Germany omwe anapenta mitengo ya tsache utoto wakuda nkuika pa galimoto m'malo mwa mfuti, inachitika ku maphunziro ku Norway mu 2014, koma mpaka lero imatulukabe ngati ndi ya dzulo. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chachikulu, zimenezi timazidziwa chifukwa maiko amenewa amaulula okha. Germany ili ndi kamishonala wa nyumba ya malamulo yemwe ntchito yake ndi kuyendera asilikali nkulemba lipoti chaka chilichonse la zonse zosowa, kuyambira ma wailesi mpaka mabafa otayikira m'ma baraki. Ku Britain komiti ya zachitetezo ya House of Commons ndi National Audit Office amafukula zomwezo. Ku Russia kulibe zimenezo, ndiye chaka cha 2022 chisanafike akatswiri ambiri ankaliona gulu lawo ngati chilombo, mpaka tinadzaona mndandanda wa galimoto wa makilomita pafupifupi 60 utaima panjira yopita ku Kyiv, mafuta osafika, matayala akuphulika, ndipo mu April sitima yawo yaikulu ya pa Black Sea, Moskva, inamira. Dziko lomwe likudandaula poyera silitanthauza kuti ndi lofooka kuposa lomwe lili chete.

Zipolopolo

Ndikanakhala ndi mwayi wofunsa nduna ya zachitetezo funso limodzi lokha, ndikanafunsa kuti zipolopolo zanu zingathe masiku angati, ndipo zikatha fakitale ingapange zingati pamwezi. Nambala yeniyeni ndi chinsinsi kulikonse, koma zizindikiro zake zimaoneka. Mu 2011 ku Libya, polimbana ndi gulu lankhondo lofooka la Gaddafi, maiko ena aku Europe anayamba kupelewera mabomba olunjika patangopita masabata ochepa, America ndiyo inawathandiza, ndipo Robert Gates yemwe anali nduna ya zachitetezo ya America anawadzudzula poyera ku Brussels mu June chaka chimenecho. Chenjezo limenelo palibe anali nalo ntchito. Ndiye kunabwera Ukraine komwe mizinga imawombera zipolopolo zikwi zingapo patsiku, tsiku lililonse. Mu March 2023 European Union inalonjeza kupereka zipolopolo za mizinga 1 miliyoni m'miyezi 12, nthawi itakwana anali atapereka pafupifupi theka, miliyoni inadzakwana chakumapeto kwa 2024, ndipo pakatipo Czech Republic inachita kuyenda dziko lonse lapansi kusaka zogula kunja kwa Europe. Denmark inangopereka mizinga yake yonse 19 ya Caesar ku Ukraine, zomwe zikukuuzani zinthu ziwiri, mtima wabwino komanso kuti dziko lonse linali ndi mizinga yamtunduwu 19.

Chifukwa chake kupanga kumachedwa chidziweni bwino, kuti musamangoti ndi ulesi. Chipolopolo cha 155mm chimafuna chikopa chachitsulo, TNT kapena zophulika zina mkati, ndi onga woikankha potuluka mu mzinga. Mafakitale a onga ndi zophulika ambiri anatsekedwa nkhondo ya mawu ija ya pakati pa America ndi Soviet Union itatha, TNT yambiri ku Europe yakhala ikuchokera ku fakitale imodzi ya Nitro-Chem ku Bydgoszcz ku Poland, ndipo onga amapangidwa kuchokera ku ulusi wina wa thonje womwe wambiri wakhala ukuchokera ku China. Fakitale ya zophulika sumanga ngati shedi, pamafunika zilolezo, malo akutali ndi anthu, ndi akatswiri omwe ambiri anapuma kale. Komanso kampani singamange fakitale chifukwa cha oda ya chaka chimodzi, imafuna kontrakiti ya zaka 10 kuti idziwe kuti ndalama yake ibwerera. Ndiye mukafuna kudziwa ngati boma lili siliyasi, musamvere zolankhula, onani ngati lasaina makontrakiti ataliatali komanso ngati mafakitale atsopano atsegulidwadi, monga ya kampani ya zida ya Rheinmetall ku Unterlüß ku Germany yomwe inatsegulidwa mu 2025. Pa zipolopolo za mizinga zinthu zasinthadi kwambiri kuyerekeza ndi 2022, amene akukuuzani kuti palibe chachitika sakutsata.

Pomwe pakadali dzenje lalikulu ndi pa zotchingira mlengalenga. Mu September 2025 ma drone aku Russia pafupifupi 20 analowa mu Poland usiku umodzi, ndipo ndege za F-16 ndi F-35 ndi zomwe zinanyamuka kukawasaka, mizinga ya ndalama zankhaninkhani kuwombera tinthu totchipa tina topanda ndi bomba lomwe. Usiku umodzi zimatheka, miyezi 6 sizingatheke. Mzinga umodzi wa Patriot, wogwetsera ndege ndi mizinga ya mdani, ndi mamiliyoni angapo a ma dollar ndipo mzere wodikira ndi wautali. Ndiye mukamawerenga za dziko lililonse funsani kuti ali ndi chani chotchipa chogwetsera chinthu chotchipa.

Anthu, ndi omwe ali kumbuyo kwawo

Nambala ya asilikali payokha imanamiza ngati zinazi. Gulu lapamtunda la Britain latsika kufika cha m'ma 73,000, kuchepa komwe sikunaonekepo kuyambira nthawi ya Napoleon, ndipo vuto si kulemba okha koma kusunga, kwa zaka zingapo otuluka ankaposa olowa, nyumba zowonongeka ndi malipiro zikuthamangitsa anthu odziwa ntchito omwe kuwaphunzitsa kunatenga zaka. Germany yakhala ikulephera kufika pa 203,000 yomwe inadziikira yokha. Woyendetsa ndege, makaniko wa kasinja kapena sajeni wa zaka 15 pantchito sumugula ndi thumba lapadera.

Funso lofunika ndi lakuti gulu loyamba likatha, akubwera kumbuyo ndani. Apa yerekezani ndi Finland. Pa mtendere gulu lake ndi laling'ono, koma sanasiyepo kulemba anyamata usilikali mokakamiza, ndiye nkhondo itabuka amatha kuika anthu 280,000 ndipo ophunzitsidwa omwe angaitanidwe ali pafupifupi 900,000, m'dziko la anthu 5.6 miliyoni lokhala ndi malire a makilomita 1,340 ndi Russia. Mizinga ali nayo yambiri kuposa maiko akuluakulu, ndi malo obisalamo pansi pa Helsinki. France inasiya usilikali wokakamiza kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Sweden mu 2010, Germany mu 2011. Ena abwerera, Lithuania mu 2015, Sweden mu 2017, Latvia mu 2023, Denmark yayamba kuphatikiza ndi atsikana omwe. Koma mukamva kuti dziko lakuti likubwezeretsa usilikali wokakamiza musafulumire kuwomba m'manja, funsani ma baraki ali kuti, aphunzitsi ali kuti, mfuti ndi nsapato zilipo? Ambiri anagulitsa malo aja kalekale.

Pali kanthu kena komwe anthu sakaganizira chifukwa sikosangalatsa, mayendedwe. Kasinja wa Leopard 2 amalemera matani oposa 60, milatho yambiri sinamangidwe ndi zimenezo m'maganizo, ngolo za sitima zonyamulira akasinja ndi zochepa, ndipo njanji za ku Estonia, Latvia ndi Lithuania ndi zotambalala mamilimita 1,520 ngati za ku Russia pomwe za Poland ndi Germany ndi 1,435, ndiye katundu amayenera kutsitsidwa nkukwezedwanso. Njanji yatsopano ya Rail Baltica ikuchedwa ndi zaka. Tsegulani mapu muone kampata ka Suwałki, kachigawo kopapatiza pakati pa Kaliningrad, dera la Russia, ndi Belarus komwe ndi njira yokhayo yapamtunda yolumikiza maiko atatu aja ndi Poland. Gulu lomwe lili ku Bavaria kumwera kwa Germany koma lingatenge mwezi kufika kumeneko, pa sabata yoyamba kulibe.

Chotsanipo America muone chotsala

Awa ndi mayeso omwe ndimawakonda chifukwa amaulula zambiri msanga. Tengani ntchito iliyonse yankhondo nkufunsa kuti popanda America ingatheke? Ndege zothira mafuta ndege zinzake m'mwamba, ma satelaiti aukazitape, ndege zikuluzikulu zonyamula katundu, zida zophwanya ma rada a mdani, mizinga yofika kutali, ngakhale likulu lolamula, mkulu wa asilikali onse a NATO ku Europe wakhala wa ku America kuyambira Eisenhower. Europe ili nazo zina mwa zimenezi koma zochepa. Zida zoposa theka zomwe maiko a NATO aku Europe agula kunja zaka zaposachedwapa zachokera ku America, malinga ndi bungwe lofufuza la SIPRI la ku Stockholm, ndiye masipeya ndi mapulogalamu a pa kompyuta a ndege ngati F-35 amadaliranso komweko. Pa nyukiliya, France ili ndi mabomba pafupifupi 290 odziimira payokha, Britain ili ndi ake koma mizinga ya Trident yowanyamula imachokera ku America. Ndiye Donald Trump atanena mu February 2024 kuti dziko losalipira sangaliteteze, kenako nkubwerera ku White House, nkhani ya kukonzeka inasintha mutu. Poyamba funso linali loti Europe ingagwire mpaka America ifike? Pano ena akufunsa kuti nanga ikapanda kubwera. Dongosolo la European Union la mu March 2025 la 800 biliyoni euro latuluka mu mantha amenewo, koma nalonso liwerengeni bwino, 150 biliyoni ndi ngongole zomwe maiko angatenge, zotsalazo ndi chilolezo chabe choti maboma abwereke zambiri ngati akufuna, si ndalama yomwe ili mu akaunti.

Tsopano mkangano wa mdani

Munthu akamakuuzani za chiopsezo, yambani mwaona pomwe waima pa mapu. Wa ku Narva ku Estonia akayang'ana kutsidya kwa mtsinje akuona Russia ndi maso, agogo ake amakumbukira anthu akutengedwa kupita ku Siberia, kwa iye palibe mkangano. Wa ku Madrid kapena Rome akuyang'ana kumwera, ku Libya, ku Sahel komwe France inachoka ku Mali mu 2022 kenako Burkina Faso ndi Niger mu 2023, mabwato a anthu othawa, zigawenga ndi gasi. Ku Washington ambiri a zipani zonse ziwiri amati mdani wamkulu ndi China ndipo Europe idzionere yokha. Wachiwiri kwa pulezidenti wa America, JD Vance, anafika ku Munich mu February 2025 nkunena kuti chomwe chimamudetsa nkhawa kwambiri si Russia kapena China koma za mkati mwa Europe momwemo, ufulu wolankhula ndi nkhani ya obwera, anthu mu holo anangoti kakasi. Hungary nthawi ya Viktor Orbán ndi Slovakia ya Robert Fico akhala akunena kuti nkhondo ya ku Ukraine si yawo. Palinso omwe amati NATO ndiyo inaputa Russia pokulira kum'mawa, ndipo anzawo amayankha kuti maiko amenewo anapempha okha kulowa, kuti Georgia mu 2008 ndi Ukraine mu 2014 ndi 2022 omwe anamenyedwa anali kunja kwa NATO, komanso kuti Finland mu 2023 ndi Sweden mu 2024 analowa ataona zomwe zachitika. Ine pa mfundo imeneyi ndili ndi achiwiriwa, koma mfundo ya oyambawo muidziwe momwe eni ake amaikambira.

Pomvera zonsezi siyanitsani kuthekera ndi cholinga. Mark Rutte, mlembi wamkulu wa NATO, atanena mu June 2025 kuti Russia itha kukhala yokonzeka kulimbana ndi NATO m'zaka 5, ankanena za kuthekera, sananene kuti Putin waika deti. Mitu ya nkhani imasandutsa "itha" kukhala "idza". Mbali inayi amati Russia yomwe inatha miyezi yambiri ndi anthu zikwizikwi kuti ilande tawuni ya Bakhmut yokha ku Ukraine ingafike bwanji ku Berlin, ndipo pamenepo akunena zoona, koma akuyankha funso lomwe akatswiri ambiri sakufunsa. Chomwe amaopa ndi kanthu kakang'ono, kulanda katawuni kamodzi ka m'malire ku Estonia, Latvia kapena Lithuania nkuopseza ndi nyukiliya, kuti aone ngati Article 5 ya NATO ija yoti kumenya mmodzi ndi kumenya onse ili ndi mano. Pa nkhondo yotere chofunika si asilikali onse a Europe pamodzi, ndi omwe ali pamalopo masiku atatu oyamba ndi liwiro la andale a maiko 32 a NATO kugwirizana.

Za zingwe za pansi pa nyanja, ma drone pa mabwalo a ndege ndi moto wa m'ma weyahausi, khalani odekha pang'ono. Zina zatsimikizidwa m'makhoti, zina ayi. Mapaipi a gasi a Nord Stream, ochokera ku Russia kupita ku Germany, ataphulika mu September 2022 ambiri analoza Russia tsiku lomwelo, koma ofufuza aku Germany anadzayamba kusaka anthu aku Ukraine. Sitima ya Eagle S inagwidwa ndi Finland chingwe cha magetsi cha Estlink 2 chitaduka pa Khirisimasi ya 2024, koma khoti la ku Helsinki linadzati lilibe mphamvu yozenga mlanduwo. Ndege zitatu za MiG-31 za Russia zomwe zinakhala mphindi 12 mu mlengalenga mwa Estonia mu September 2025, apo mwini wake anadziwika pompopompo. Musaziike zonse mu thumba limodzi.

Ndipo nthawi zonse funsani kuti wolankhulayo apindula chani mukamukhulupirira. General yemwe akuti tilibe kalikonse nthawi zambiri akulankhula bajeti ili pafupi, ndipo opuma ambiri amakhala alangizi a makampani a zida. Masheya a Rheinmetall anakwera kuposa kakhumi kuchokera kumayambiriro kwa 2022, ndiye bwana wa kampani yotere akamachenjeza, mverani koma mukudziwa. Nduna yomwe ikuti zonse zili bwino ikuteteza mpando. Ma TV a boma la Russia amaikonda kwambiri nkhani ya Europe yovunda chifukwa imafooketsa anthu, andale aku America amaikondanso pa zifukwa zawo. Kukhala ndi phindu pa nkhani sikutanthauza kuti munthu akunama, kungoti mawu ake muwayeze ndi a wina yemwe phindu lake ndi losiyana, ndipo pomwe general, woyang'anira ndalama za boma ndi mtolankhani wofufuza akugwirizana, pamenepo mutha kuponda.

Ngati mukufuna chinthu chimodzi chogwirika choti muzichitsata m'malo mothamanga ndi mutu uliwonse, tsatani gulu la Germany lomwe likukhazikitsidwa ku Lithuania, Panzerbrigade 45. Analonjeza anthu pafupifupi 5,000 okhala komweko, ndi akasinja awo, kuti likhale lokwanira pofika kumapeto kwa 2027, ndipo ndi koyamba Germany kuika gulu lotere kunja kwamuyaya chithereni nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mmenemo muli zonse takambazi: ngati odzipereka apezeka okwanira kusamuka ndi mabanja awo, ngati ma baraki a ku Rūdninkai atha pa nthawi yake, ngati akasinja atsopano afika, komanso ngati pofuna kudzaza gulu limeneli sakuvula magulu ena otsala ku Germany zida zawo.